Maganizo, nkhawa ndi thupi lowawa: amitriptyline, fluoxetine kapena duloxetine kuno kunyanja?

Kuno ku Nkhotakota ndi ku Salima kuli anthu ambiri amene akudwala zinthu zitatu nthawi imodzi koma akafika kwa adokotala amangotchula chimodzi basi. Amanena za msana, kapena mapazi amene amayaka moto usiku, kapena mutu wosasiya, nde amalandira panado kapena bufeni nkubwerera kunyumba, pakatha milungu iwiri abweranso ndi kabuku komweko. Zoti tulo sakuliona, zoti mtima umangothamanga popanda chochititsa, zoti chilichonse chinasiya kukoma olo kondowole wa chambo amene, zoti pena amaganiza kuti bola kungofa, zimenezo amabisa poopa kuti anthu ati wazungulira mutu kapena alibe chikhulupiriro. Chonsecho matenda okhumudwa, nkhawa ndi ululu wamgonagona zimadyetsana. Thupi likamawawa sugona, ukapanda kugona maganizo amachuluka, maganizo akachuluka ululu uja umamveka kwambiri kuposa dzulo.

Nchifukwa chake pena munthu amapita kukadandaula za mapazi nkupatsidwa mankhwala amene mnzake akumwa chifukwa cha maganizo, nde amakwiya eti adokotala akundiyesa wamisala. Ayi abale sichoncho. Muubongo ndi mufupa la msana muli timadzi tiwiri totchedwa serotonin ndi noradrenaline, timathandiza kuti mtima ukhale m'malo komanso timagwira ntchito yochepetsa uthenga wa ululu umene ukukwera kuchoka m'thupi kupita kuubongo, ngati mmene timatsitsira voliyumu ya wailesi. Mankhwala amene amakweza timadzi tonse tiwiri amatha kugwira maganizo ndi ululu wa mitsempha pamodzi, amene amakweza serotonin yekha amagwira maganizo ndi nkhawa koma pa ululu sapita patali. Kusiyana kwa mankhwala amene ndikambe apa kwagona pamenepa, amitriptyline ndi duloxetine amakweza tonse tiwiri, fluoxetine amakweza serotonin yekha. Koma funso limene ine ndimaona kuti ndi lalikulu kwa ife akuno si loti amphamvu kwambiri ndi ati, ndi loti kodi mudzawapeza mwezi ndi mwezi osadukiza, ndipo kodi akugwirizana ndi ntchito yanu komanso mankhwala ena amene muli nawo kale.

Musanafike pa zosankha, mapazi oyaka kapena dzanzi ayambe ayezedwa kaye. Shuga amachita zimenezi, HIV imachita zimenezi, mankhwala a TB aja a isoniazid nawonso amatero ndipo mankhwala ake ndi kavitamini ka pyridoxine kamene amapereka limodzi, mowa wambiri umawononganso mitsempha. Shuga akakhala kuti sanatsike palibe piritsi la maganizo limene lingakonze mapaziwo lokha.

Tiyambe ndi amitriptyline poti ndi amene ambiri mwa ife tingakumane naye. Ndi wakalekale, anayamba kugwiritsidwa ntchito kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1960, ali pa mndandanda wa mankhwala ofunikira wa bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO ndipo m'zipatala za boma ndi amene amapezeka kawirikawiri, timapiritsi ta 25mg, ukagula kufamase sakwera mtengo kwenikweni. Pa ululu wa mitsempha, kaya wa shuga kaya uja umatsalira munthu akachira mashingozi pamene khungu limawawa olo kukhudzidwa ndi malaya okha, amitriptyline amagwira ndithu ndipo pamangofunika pang'ono, 10 kapena 25mg usiku, pena nkuwonjezera pang'onopang'ono. Amathandizanso kuti mutu waching'alang'ala usamabwere pafupipafupi. Ndipo amagonetsa, munthu amene watha miyezi akungotembenuka pamphasa mpaka tambala woyamba amaona ngati wapatsidwa moyo wina.

Koma apa mpomwe ambiri sadziwa, 25mg ija ndi ya ululu ndi tulo, pa matenda okhumudwa enieni mulingo wake umakwera, kawirikawiri pakati pa 75 ndi 150mg patsiku, ndipo ukakwera choncho zovuta zake zimakweranso. Mkamwa mumauma gwa, ndiye ganizirani dzuwa la Okutobala la ku Salima kapena munthu amene akusala pa Ramadhan, kudzimbidwa, chizungulire ukadzuka mwachangu, maso kuona mwachimbuuzi, thupi kunenepa, ndipo m'mawa mutu umakhala wolemera ngati sunagone mokwana. Kwa abambo achikulire amene mkodzo umatuluka movutikira kale, amitriptyline atha kuutsekeratu. Agogo amene amayenda movutikira atha kugwa popita kuchimbudzi usiku. Amene ali ndi vuto la mtima ayenera kunena asanalandire chifukwa mankhwalawa amatha kusokoneza kagundidwe ka mtima.

Nkhani ya kugonetsayi kuno kwathu si yaing'ono ayi. Msodzi wa usipa amalowa panyanja usiku ndi nyali, nthawi yomweyo imene piritsi likuyamba kugwira, ndiye munthu wosinza ali m'bwato mwera nkuyamba, zimenezo ine zimandiopsa kwambiri. Chimodzimodzi wa kabaza wa njinga yamoto pa Kamuzu Road amene amadzuka 4 koloko, dalaivala wa minibasi pamsewu wa M5, kapena amene amagwira shifiti ya usiku ku Dwangwa. Ngati ntchito yanu ndi yotere nenani poyera, adokotala atha kusintha nthawi yomwera, kuchepetsa mulingo kapena kukupatsani ena. Musangoti ndizimwa pa masiku amene sindikupita kunyanja, mankhwalawa sagwira akamamwedwa modumphadumpha.

Chinanso cha kunyanja kuno ndi malungo. LA amene timalandira tikapezeka ndi malungo sagwirizana bwino ndi amitriptyline, amatha kuchulukitsa amitriptyline m'magazi ndipo onse awiri amakhudza kagundidwe ka mtima, kwinini nayenso chimodzimodzi. Sindikuti musamwe mankhwala a malungo, malungo amapha, koma amene akukulemberaniyo adziwe kuti muli pa amitriptyline kuti aone chochita. Vuto limabwera pamene munthu ali ndi timabuku tiwiri, kena ka maganizo amakabisa kunyumba.

Ndipo chachikulu kuposa zonse, amitriptyline akamwedwa wambiri nthawi imodzi amapha, ndipo sipafunika mapiritsi ochuluka kwambiri kwa mwana wamng'ono. Munthu amene wakhala akuganiza zodzipha asamasunge yekha paketi ya mwezi wonse, asunge mkazi wake, mwamuna wake, mayi ake kapena aliyense amene amamukhulupirira nkumamupatsa usiku uliwonse. Izi si zochititsa manyazi, ndi mmene achipatala amalangizira, ndipo kawirikawiri kwa munthu wotere amasankha fluoxetine m'malo mwake.

Fluoxetine ndi uja kunja amamutcha Prozac, anavomerezedwa ku America mu 1987, kakapisozi ka 20mg kamodzi m'mawa. Nayenso ali pa mndandanda wa WHO ndipo m'zipatala zathu zikuluzikulu amapezeka ngakhale pena amasowa. Pa matenda okhumudwa ndi nkhawa, ine ndimaona kuti kwa anthu ambiri amene akugwira ntchito, achinyamata, achikulire ndi amene ali ndi mtima wovuta, uyu ndiye poyambira pabwino. Sagonetsa ngati mnzake uja, saumitsa mkamwa kwambiri, ndipo mulingo woyambira ndi womwewo umene umachiza ambiri, sipakhala zokwera masitepe ambirimbiri. Ubwino wina umene umatikomera ife okhala kutali ndi chipatala ndi woti amachedwa kutuluka m'thupi, amatha masiku ambiri, nde mvula ikadula msewu kapena mukachedwa masiku awiri kukatenga ena thupi silidzidzimuka msanga.

Zovuta zake zimabwera kumayambiriro, nselu, mutu, m'mimba kusokonekera, tulo kusowa, ndipo chodabwitsa nchoti nkhawa ija imatha kuyamba yakwera kaye sabata yoyamba kapena yachiwiri isanatsike, apa mpamene ambiri amataya mankhwala nkumati andiwonjezera matenda. Zimadutsa zimenezi kwa anthu ambiri. Chimene sichidutsa msanga kwa ena ndi nkhani ya kuchipinda, chilakolako chimatsika kapena munthu amachedwa kumaliza, abambo ndi amayi omwe, ndipo poti ndi nkhani yovuta kuitchula pamaso pa anesi achitsikana anthu amangosiya mankhwala mwakachetechete banja lili pamoto. Nenani, pali zosintha. Komanso amene mumamwa bufeni, indosidi, diclofenac kapena aspirin tsiku ndi tsiku chifukwa cha msana dziwani kuti kuphatikiza ndi fluoxetine kumawonjezera chiopsezo chotaya magazi m'mimba, makamaka ngati muli ndi zilonda zam'mimba kale.

Koma pa mapazi oyaka fluoxetine sathandiza kwenikweni, apa tisanamizane. Maganizo akapepuka ululu umapiririka bwino, zoona, koma moto wa m'mitsempha uja umakhalapobe. Nde pena adokotala amapereka fluoxetine m'mawa ndi kamulingo kakang'ono ka amitriptyline usiku. Zimatheka koma zikhale zochokera kwa iwo, chifukwa fluoxetine amachititsa kuti chiwindi chizichedwa kuchotsa amitriptyline, kapiritsi kamodzi kamagwira ngati mwamwa angapo. Musatenge otsala a achemwali anu nkuphatikiza nokha.

Tsopano duloxetine, amene ena amamudziwa ndi dzina la Cymbalta. Mukafufuza pa intaneti za mankhwala amodzi ogwira maganizo, nkhawa ndi ululu pamodzi dzina limene lidzatuluke ndi limeneli, ndipo sikunama ayi. Anavomerezedwa ku America mu 2004, amakweza serotonin ndi noradrenaline onse awiri, ndipo kumeneko ndi ovomerezeka pa matenda okhumudwa, nkhawa yosatha, ululu wa mitsempha wa shuga, fibromyalgia imene thupi lonse limangophwanya popanda chooneka, komanso msana ndi mawondo amgonagona. Amayambira pa 30mg nkufika pa 60mg kamodzi patsiku, ndipo mulingo womwewo umagwira zonse zitatu, mosiyana ndi amitriptyline amene wa ululu ndi wa maganizo umasiyana kutali. Sagonetsa kwambiri ngati amitriptyline. Kwa mayi wa shuga amene mapazi akuyaka, mtima uli m'mwamba ndipo akulira yekha masana, kunena zoona duloxetine amaoneka ngati anapangira iyeyo.

Vuto lake ndi kapezekedwe. Si mankhwala amene mungayembekezere kulandira pawindo la chipatala cha boma mwezi uliwonse, ambiri amakagula m'mafamase a ku Lilongwe, ndipo ndi odula poyerekeza ndi anzake awiri aja. Kuchoka ku Salima ndi mtunda wa makilomita pafupifupi 100, wa ku Nkhotakota kapena ku Dwangwa ndiye kutali kuposa pamenepo, onjezani thiransipoti pamtengo wa mankhwala. Ndipo duloxetine amatuluka m'thupi msanga, nde akatha mwadzidzidzi pakangopita tsiku limodzi kapena awiri munthu amayamba chizungulire, nselu, thukuta, kupsa mtima, maloto oipa, ena amamva ngati magetsi akuwagwira m'mutu. Munthu amene ndalama zake zimabwera ndi nyengo, mpunga ukakololedwa ku Lifuwu kapena usipa ukagwidwa bwino, atha kugula miyezi iwiri nkulephera wachitatu, ndipo mwezi wachitatuwo umakhala wowawa kuposa mmene analili asanayambe. Nde ine maganizo anga ndi awa, ngati muli ndi malipiro okhazikika kapena mwana mtauni amene walonjeza ndipo mukumudziwa kuti salephera, komanso mwafunsa kufamase kuti amakhala nawo nthawi zonse, kambiranani ndi adokotala za duloxetine. Ngati sichoncho musadzimve kuti mwalandira mankhwala achabechabe mukapatsidwa amitriptyline, pa ululu wa mitsempha onse awiri ali m'gulu loyambirira limene madokotala amasankha.

Duloxetine safunanso chiwindi chofooka. Amene amamwa kachasu kapena mowa wina kwambiri, kapena amene anauzidwapo kuti chiwindi chawo chili ndi vuto, kaya chifukwa cha hepatitis B kaya likodzo la m'matumbo limene kunyanja kuno si lachilendo, ayenera kunena. Amathanso kukweza BP pang'ono nde kumayezetsa. Venlafaxine ndi m'bale wake, mavuto a kapezekedwe ndi a kusiya mwadzidzidzi ndi omwewo.

Amayi oyembekezera ndi oyamwitsa, makamaka amene maganizo anawagwira atangobereka, pali sertraline amene ali m'gulu limodzi ndi fluoxetine ndipo amalowa pang'ono kwambiri mu mkaka wa m'mawere. Akapezeka ndi amene madokotala ambiri amakonda kwa oyamwitsa. Ndipo mukazindikira kuti muli ndi pakati muli kale pa mankhwala musasiye nokha, pitani kusikelo mukanene.

Pali ena amene anthu amawaika mugulu limeneli koma sali momwemo. Diazepam, uja timati valiyamu, amakhazika mtima pansi mwachangu nchifukwa chake anthu amamukonda, koma sachiza matenda okhumudwa ndipo pakangotha milungu yochepa thupi limamuzolowera nkumafuna wambiri, ndi wa masiku ochepa basi. Tramadol ndiye ndikupempheni ndithu, musamaphatikize ndi mankhwala a maganizo popanda adokotala kudziwa, kuphatikizako kumatha kubweretsa kunjenjemera, thukuta, kutentha thupi, kusokonezeka mutu ngakhale kukomoka ngati khunyu, ndipo nayenso amazolowereka. Gabapentin amathandiza ululu wa mitsempha koma maganizo sagwira. Carbamazepine amene ambiri timamudziwa ngati wa khunyu pena amaperekedwa pa ululu wa mitsempha, koma amafooketsa dolutegravir amene ali mu ma ARV a TLD komanso njira zina zakulera monga mapiritsi ndi kapulasitiki ka pamkono, nde amene muli pa zimenezi nenani msanga. Mowa ndi chamba zimagonetsa usiku umodzi, m'mawa nkhawa imabwera yowirikiza.

Njira ina imene sindikufuna ionedwe ngati yotsalira ndi uphungu, kukhala pansi ndi munthu wophunzitsidwa nkumasula mavuto limodzi limodzi. Ngati kukhumudwako sikunafike povuta kwambiri, malangizo a WHO amati tisathamangire mapiritsi, tiyambe ndi zimenezi. Ku Zimbabwe Dr Dixon Chibanda anayambitsa Friendship Bench ku Harare, agogo aakazi ophunzitsidwa amakhala pabenchi panja pa chipatala nkumamvetsera anthu amene akuganiza kwambiri, ndipo njirayi yayesedwanso kuno ku Malawi. Ngongole ya kubanki m'khonde, mwamuna amene anapita ku Joni nkusiya kuimba foni, maliro otsatizana, zimenezi piritsi silichotsa, limangokupatsa mphamvu zoti udzuke nkuyamba kuziona bwino. Kwa amene matenda akula, uphungu ndi mankhwala pamodzi zimaposa chimodzi chokha. Abusa kapena ashehe anu apitirize kukupemphererani, palibe kulimbana pamenepa, chimene chimandipweteka ndi pamene munthu wauzidwa kuti ataye mankhwala posonyeza chikhulupiriro. Kuyenda pang'ono tsiku lililonse, olo kungofika kudoko nkubwerera, kumathandiza msana ndi maganizo omwe, kugona tsiku lonse kumaumitsa thupi.

Mulimonse mmene mungasankhire ndi adokotala anu, mankhwala onsewa sali ngati panado. Tulo litha kubwera usiku woyamba ndi amitriptyline, ululu umayamba kutsika pakatha sabata imodzi kapena ziwiri kapena kuposerapo, koma maganizo amatenga milungu 2 mpaka 6 kuti musinthe mooneka, ndipo kawirikawiri a pakhomo ndi amene amayamba kuona kuti mwayamba kudya ndi kucheza inu musanazindikire. Mukapeza bwino si nthawi yosiya, amapitiriza miyezi 6 kapena kuposa, ena mpaka chaka, chifukwa kusiya msanga matenda amabwerera. Posiya amatsitsa pang'onopang'ono. Ngati patha milungu 6 palibe kusintha bwererani, kusintha mulingo kapena mtundu ndi chinthu chachizolowezi.

Makolo amene mwana wanu wosafika zaka 25 wayamba mankhwalawa, milungu yoyambirira mukhale naye pafupi chifukwa kwa achinyamata ena maganizo odzipha amatha kukwera nthawi imeneyi asanatsike, mukaona kuti sakukhazikika, akuyankhula zotsanzika kapena akugawa zinthu zake, pitani naye kuchipatala tsiku lomwelo osadikira deti. Ndipo ngati munthu anakhalapo ndi nyengo yoti masiku angapo osagona koma mphamvu zili tho, kuyankhula kosalekeza, kumwaza ndalama, kudziona ngati wamkulu kuposa aliyense, zimenezo adokotala azimve asanalembe chilichonse, chifukwa amenewo atha kukhala matenda a bipolar ndipo mankhwala a kukhumudwa okha amatha kuwadzutsa.

Poyambira ndi pafupi pompano, pachipatala chachikulu cha Salima kapena cha Nkhotakota funsani anesi kapena akiliniko oona za matenda a maganizo, amene muli kale ku kiliniki ya shuga ndi BP kapena ya ma ARV mutha kuyambira komweko. Ku Nkhotakota kulinso chipatala cha St Anne's. Zikafuna akatswiri amatumiza ku Bwaila kapena ku St John of God ku Lilongwe, ku Zomba Mental ndi kwa amene afunika kugonekedwa, sikuti aliyense womwa fluoxetine amathera kumeneko ayi. Popita tengani kabuku kanu ndi mapaketi a mankhwala onse amene mukumwa, a kugolosale ndi azitsamba omwe, muwauze ntchito imene mumagwira ndi nthawi yake, kuchuluka kwa mowa umene mumamwa osachepetsa, ndipo atha kukufunsani mafunso 9 a fomu yotchedwa PHQ-9 imene ilipo m'Chichewa, funso lomaliza ndi la maganizo ofuna kufa, liyankheni mmene zilili. Musanatuluke funsani kuti mankhwala amenewa akadzasowa pawindo mwezi wamawa mudzapange bwanji, ndipo muzipita kukatenga ena kudakali mapiritsi a sabata imodzi m'nyumba.